Msuku Wotsala Paphiri

Nkhwangwa inali kale m'mwamba pamene Thokozire anakuwa, "Amalume, taimani kaye!"

A Damiao, owotcha makala ku Kanduku, anacheuka. Mtsikanayo anali atagwada pafumbi, kamera ili kumaso. Zithunzi zake zinkakhala zakuda ndi zoyera basi.

"Jambula msanga iwe, uvuni ukundidikira."

"Mtambo uwo ufike kaye kuseri kwa msukuwu."

Mtambo utafika, anajambula n'kuwaonetsa. Pachithunzipo mtengo umodzi unada bii pamtambo woyera, zitsa zili mbee phiri lonse.

"Bola kumanda," anatero a Damiao chapansipansi, "kuli mthunzi."

Thokozire anakakhala patsinde, n'kutsamira mtengowo.

"Mawa ndidzajambulanso, amalume, ndipo ndidzaupeze uli chilili."