Ziphaniphani Zazima

"Chaka chino musamulole mwamuna wanuyu kupita ku bwalo la mpira," anatero mayi Doña Fior kwa mpongozi wawo Yanilsa, tsiku limene nyengo ya besibo, mpira uja womenya ndi ndodo, inkayamba. "Timu imene ija inadwalitsa bambo ake mtima. Idzakupasulirani banja." Onse anafa nacho chiseko, ndipo mwana wawo Wandy anawapsompsona pachipumi. Yanilsa, mkazi wa Wandy, naye anaseka nawo, poopa kuoneka wamantha pamaso pa apongozi.

Patatha masabata atatu panalibenso woseka. Ma Cocuyo, timu ya ziphaniphani, anali atasewera kakhumi ndi kawiri, n'kupambana kawiri kokha. Ndipo pa kugonja kulikonse, Wandy ankabwerako ali wina. Analeka kunyamula Darlenis, khanda lawo la miyezi isanu ndi iwiri. Analeka kuimba posamba. Pogona ankayang'ana kukhoma, msana wake uli ngati chitseko chokiya. Yanilsa mpira sankaudziwa kwenikweni, koma anafika poyatsira timuyo kandulo kutchalitchi. Ankangopempha chimodzi: apambaneko, mwamuna wake abwerere.

Lamlungu lina Yanilsa anasinja nthochi zophika, nakazinga soseji ya salami ndi anyezi, n'kuvundikira bwino. Wailesi sanaikhudze, pakuti Wandy ankati mkazi akamamvera mpira kunyumba amaika timu minyama. Anangokhala pafupi ndi zenera, maso pa khanda, khutu kunjira. Mpira unkayamba 4 koloko, n'kutha cha m'ma 7, ndipo basi ya ochemerera inkatenga ola lathunthu kuchokera mumzinda.

Itangokwana 8, chitseko chakuseri chinalira. Yanilsa anadziwiratu kuti timu yagonjanso. Masiku amenewo Wandy ankadzera kuseri, kuzemba Don Chencho wa golosale yakutsidya kwa msewu, wochemerera timu ina, amene ankamudikirira pakhonde n'kumakuwa kuti, "Ziphaniphani zazima! Bwerekeni tochi, mwanawe!"

"Zayenda bwanji?" anafunsa Yanilsa motsitsa mawu.

"Usandifunse." Wandy anaponya chipewa cha timu pansi. "Sikisi kwa ziro, Yanilsa. Sikisi kwa ziro! Woponya uja dzanja lake ndi phala. Mpira wake ngakhale amayi akhoza kuumenya ndi tsache, ukagwere kunja kwa mpanda."

"Bwenzi utangotulukamo msanga, m'malo modzizunza."

"Ine? Kutuluka mpira usanathe? Ukundiona ngati ndani? Ndakhala mpaka womenya womaliza. Ndamuona ndi maso angawa, akupalasa mphepo katatu, n'kutaya ndodo ngati yamuotcha. M'basi monse munali zii, ngati tikuchokera kumanda."

Yanilsa anamuyang'anitsitsa, monga ankachitira ndi khanda likatentha thupi. Chaka chatha Wandy ankabwera mawu atasasa, malaya akununkha mowa wotayikira ndi utsi wa zokazinga zapabwalo. Lero mawu anali osalala, malaya oyera ngati angochoka pachingwe. Anamumvera chisoni. Munthuyu, anaganiza motero, zamufika mpaka mphamvu yokuwa yamuthera. Amangokhala pamenepo, manja m'khosi, n'kumaonerera timu yake ikufa.

"Idyako pang'ono. Ndakukazingira salami."

"Sindikumva njala."

"Nanga mwana? Lero wakwawa, Wandy. Kuchoka pampando mpaka pakhomo apo. Ndimafuna umuone."

"Mawa." Anasuntha phewa, dzanja la mkazi wake n'kugwa lokha. "Mtima wanga ukuwawa, sukumva? Timu imeneyi yandipha."

Analowa kuchipinda. Posakhalitsa mkonono unayamba.

Yanilsa anakhala kaye ndi mbale yovundikirayo. Analingalira zoti mawa apite kwa Doña Fior, akavomere kuti mayiwo ananena zoona, awapemphe adzayankhule ndi mwana wawo. Masewero anali atatsala pafupifupi makumi anayi. Anatsimikiza zopirira. Nyengo imatha, ndipo pofika Januwale mwamuna wake adzakhala wakenso. Anapukuta maso ndi nsonga ya diresi, natuluka kukhomo lakumaso kukaanula matewera.

Tsidya lija Don Chencho anali atakhala pa kireti, kawailesi atakakanikiza kukhutu. Yanilsa anawerama, kufuna kubisala kuseri kwa zovala, koma mkuluyo anali atamuona kale.

"Aneba! Aneba, tabwerani kuno!"

"Don Chencho, chonde, lero lokha ayi. Munthu wavutika mokwanira."

"Ayi, ayi, lero pakamwa pandiuma ine!" Anakweza kawailesi kaja, ndipo phokoso la khamu linasefukira mumsewu. "Ziphaniphani zanu zayaka, aneba! Anali kumbuyo sikisi kwa ziro, aliyense n'kumati zatha. M'chigawo chachisanu ndi chinayi, chomaliza chenicheni, abweza zonse! Pano ali m'chigawo chakhumi ndi chiwiri, palibe akugonja. Mpira uwu ulibe wotchi. Musungireni chakudya mwamuna wanuyo, afika mochedwa lero. Basi yawo sinanyamuke n'komwe."

Yanilsa anaima chilili, matewera ali pachifuwa. Kudzera pazenera, mkonono wa munthu amene anaona womenya womaliza ndi maso ake unkamveka bwinobwino. Wandy ku bwalo sanapondeko. Kumene ankapitako anangosuzumira zigoli pafoni, n'kukhulupirira kuti timu yake yagonja monga mwa masiku onse. Tsopano Yanilsa anamvetsa za mawu osalala ndi malaya oyera aja: chimene chinamulanda mwamuna sunali mpira.

Matewerawo Yanilsa anawapinda bwino, nawaika m'chikwama. Basi yoyamba yopita kwa mkulu wake ku tawuni ya Cotuí inkanyamuka kusanache, ndipo iye ndi Darlenis adzakhala alimo.