Envulopu ya Goloboyi

Goloboyi atatuluka m'chipinda chosungiramo nyuzipepala zakale atapanira envulopu yakhaki kukhwapa, a Kochi anadziwa kuti zayambanso.

A Kochi anali mkonzi wa masamba a zamasewera, ndipo dzinali anawapatsa ndi atolankhani awo omwe. Chaka chatha atolankhaniwo analipo anayi. Woyamba anapita ku wailesi. Wachiwiri anakatsegula tsamba lake pa intaneti. Wachitatu, mtsikana amene iwo anamuphunzitsa ngakhale kalembedwe ka mutu wa nkhani, anatengedwa ndi magazini ina ya mapepala osalala yotuluka kamodzi pamwezi. Onsewo anachoka mofanana. Mtolankhani akafuna ntchito kwina, amayamba wakadula nkhani zake zabwino m'nyuzipepala zakale kuti akaonetse kumene akupitako. Ukangoona envulopu yakhaki, dziwa kuti mpando wina utsala wopanda munthu.

Tsopano panatsala mtolankhani mmodzi yekha, Goloboyi, amene anali atagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Mtima wa a Kochi unkawawa. Akachoka ameneyu, abwana a pamwamba apeza chifukwa chotsekera masamba a zamasewera, ndiye iwo akalowera kuti? Masambawo anali atawadula kale, kuchoka pa anayi kufika pa awiri. Lolemba kunabweranso kalipentala kudzayeza ngodya yawo ndi tepi. Koma a Kochi anali munthu wonyada. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu sanalembepo kalata yofunsira ntchito kwina, ndipo ankauza aliyense zimenezo, wofunsa ndi wosafunsa yemwe.

Ndiye anayamba kulonda. Nyuzipepala kumaso, magalasi pamphuno, diso kwa Goloboyi. Foni yake ikalira, Goloboyi ankathamangira pamasitepe. Kawiri konse anamumva akunong'ona kuti, "Musadandaule mayi, Lachisanu zifika," ndipo a Kochi sanafunike wowauza kuti mayiwo anali mkonzi wa magazini ija. Lachitatu Goloboyi anawapangira tiyi, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuwafunsa ngati wongocheza kuti anayamba chaka chiti kulemba za mpira. A Kochi anayankha mwachidule. Kumtima ankati, wofuna kukuthawa amayamba ndi kukusekerera.

Lachinayi masana Goloboyi anapita ku bwalo kukaonera timu ikukonzekera. Kabati ya desiki yake anaisiya yosatseka bwino. A Kochi anayenda mozungulira ngati akufuna cholembera, kenako anaikoka pang'ono. Envulopu ija inali momwemo, yonenepa, yomata ndi tepi. Pakona yong'ambika pankasuzumira kapepala kachikasu chifukwa cha kukalamba. Pamwamba panali adiresi ya magazini ija ndi nambala ya foni.

Sanaitsegule. Iwo si wakuba. Anangokopera nambalayo pachikhatho. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Mayi, ine ndine mkonzi wa zamasewera kuno kunyuzipepala," anatero foni itangoyankhidwa. "Munanditengera kale mwana mmodzi. Ine ndizilima, inu muzingokolola?"

"Ee, bambo, ndakondwa kuti mwaimba nokha. Mwina mundimvere kaye…"

"Ndimvere chiyani? Za kamagazini kanu kodzaza zithunzi za nsapato za osewera? Munthu wodziwa mpira sangalembe mmenemo. Ineyo ngakhale mutandigwadira, phazi langa silingaponde pakhomo panu."



"Ndamva, bambo," anatero mayiwo mofatsa. "Zikomo kuti mwandiuza msanga."

A Kochi anaika foni pansi mtima uli mbee. Anakonza taye yawo, anadzipangira tiyi, mpaka anaimba kamluzu. Wojambula zithunzi ndi wokonza masamba, amene anamva zonse, anayang'anana kenako n'kuweramira pa makompyuta awo. A Kochi anati n'chifukwa cha ulemu.

Goloboyi anabwera cha m'ma 3 koloko, nsapato zili fumbi lokhalokha. Asanakhale n'komwe, foni yake inalira. Ulendo uno sanathamangire pamasitepe. Anamvetsera ali chiimire, akungoti "inde mayi, pepani mayi," nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Atamaliza anakoka kabati, anatulutsa envulopu ija, n'kukaiika pa desiki ya a Kochi.

"Mwachita chiyani, a Kochi?"

"Ndatseka khomo. Sukupita kulikonse, mphwanga."

"Tsegulani envulopuyo."

"Nkhani zako ndikuzidziwa zonse. Ndinazikonza ndine."

"Tsegulani, chonde."

A Kochi anang'amba tepi ija akumwetulira. Mapepala achikasu anakhuthukira pa desiki, ena akale kwambiri moti Goloboyi anali akadali pasukulu pamene ankalembedwa. Anaona mutu woyamba, wachiwiri, wachitatu, kenako maso awo anatsikira pa kamzere kakang'ono kotchula wolemba. Pa nkhani iliyonse panali dzina lawo.

"Masamba athu akutsekedwa kumapeto kwa mwezi uno, ine andisamutsira ku nkhani za malonda," anatero Goloboyi chapansipansi. "Mayi aja amafuna mkonzi wa zamasewera, ndipo mawa amati akuitaneni."