Kachitsulo ka Mumtima

Pokwera mtunda wochoka kuchipatala ndi mkazi wawo, bambo wina anaima kachitatu, akuti amange nsapato. Mayiyo, mwana ali kumsana, anayang'ana pansi: nsapatozo zinalibe zingwe.

Miyezi isanu yapitayo, adokotala anawaika bambowo kachitsulo mumtsempha wa mtima, nachenjeza kuti mtsemphawo ndi wowonda ngati ulusi, ungathe kutsekekanso. Lero bambowo anakana kulowa naye m'chipinda choyezera.

"Ndiye adokotala akuti chiyani?"

"Akuti ndine galimoto yatsopano, mayi."

"Yatsopano imazima pamtunda?"

Bambowo anaseka, thukuta lili kamukamu.

Mayiyo anamangitsa nsalu ya mwana kumsana, natambasula dzanja. "Patseni pepala akulemberani lija, ndiwerenge ndekha."

Bambowo anagwira thumba la malaya, osalisiya.