Chipewa cha Adalaivala

"Lonjezo ndi ngongole, kufa si chifukwa," ankatero mayi ena tsiku ndi tsiku. Adalaivala a sitima ya katundu anali munthu wabwino, zimenezo sankakana. Ankaimbira hutala ana okonda sitima, akaima n'kumawaonetsa mmene injini imagwirira ntchito. Koma anamwalira asanakwaniritse zomwe analonjeza mtsikana wa mayiwo: kumupatsa chipewa chawo, ndi kumukweza kutsogolo tsiku limodzi.

Usiku wina mtsikanayo anachedwa kubwerako kogula machesi. Mayi anatenga tochi, akulalata njira yonse mpaka podutsira njanji.

Hutala inalira kawiri mwachidule, kenako kamodzi motalika, monga ankaimbira malemuwo. Mayi anaima. Sitima ya usiku inasiya kuyenda chaka chatha. Anaponda njanji, koma inali zii, osanjenjemera n'komwe.

Mwana uja anali chiimire chapafupi, atavala chipewa chonunkha oyilo.

"Iwe, wachitenga kuti chimenechi?"

"Andipatsa adalaivala, amayi. Akuti mwawanena mokwanira."

Mayi anamuvula chipewacho. Mwanayo anali wozizira ndi mame, koma mkati mwa chipewa munali mofunda.

"Akuti kwatsala kundikweza. Akukatembenuza sitima, abwera pompano."

Mayi anamugwira dzanja zolimba, maso ali mumdimamo.

"Bambo, inetu ngongole sindikhululuka, koma iyi yokha ndakukhululukirani. Zotsalazo sitikuzifuna, mwamva?"

Pansi pa phazi lawo, njanji inayamba kunjenjemera.