Mamita Atatu

Mayi wojambula zithunzi anaima pafupi ndi potsikira basi, atatsamira khoma la sitolo ya nsapato, kamera ili pamimba. Kwa zaka khumi ndi zisanu anakhala akujambula anthu mumsewu eni ake asakudziwa, n'kumagulitsa zithunzizo kunyuzipepala. Tsikuli anabwera kudzajambula amuna ake.

Nkhani inabwera ndi mng'ono wake. "Achemwali, ine sindikunama ayi. Alamuwo akangotsika basi m'mawa, mkazi wogulitsa nyuzipepala uja amasiya katundu n'kuwathamangira. Amachita kukolowekana mikono, anthu akuona."

Poyamba mayiyo anakana kumva. Koma inali itakwana miyezi itatu bambowo asakumuyang'ana kumaso. Anasiya kumuwerengera Masalimo m'mawa. Tsiku lina atavala diresi yatsopano, iwo anangofunsa kuti, "Mwaphika chiyani?" Tsopano chikwama cha zovala chinali cholongedza kale pansi pa bedi. Chotsala chinali chithunzi chimodzi chooneka bwino, choti akachiika patebulo pasakhale kukana.

Anakonza kamera monga mwa masiku onse. Sanailole kudzisankhira yokha choyang'ana, chifukwa ikatero imathamangira chilichonse chapafupi, kaya chigongono cha wodutsa, kaya mtengo wa magetsi. Anapotokola lenzi ndi dzanja n'kuiika pa mamita atatu. Kabowo kolowetsa kuwala anakachepetsa kufika pa 8, kuti munthu akasendera pang'ono kapena akatalikira aonekebe. Liwiro la shata, kachitseko kotsegula ndi kutseka kuwalako, analiika pa 500. Atakumbukira kuti ajambula akuyenda, analikweza kufika pa 1000.

"Ambuye," anatero chamumtima, "ngati ndi bodza, manyazi agwire ine."

Basi inafika. Anthu anatsika mokankhana. Amuna ake anatsika pomalizira, atagwira chitseko. Nthawi yomweyo mkazi uja anatsindikiza nyuzipepala zake ndi mwala n'kuthamanga.

"Lero mwachedwatu, bambo!"

Bambowo anamwetulira. Kumwetulira kumeneko kunyumba kunali kutasowa kalekale. Mkaziyo anawagwira mkono, iwo n'kumuyandikira.

Mayi wojambula anachoka pakhoma paja. Anayenda molunjika kwa iwo, maso akuyang'ana kwina, chala chili pabatani. Mamita asanu. Anayi. Atatu. Anadina katatu osakweza kamera. Anadutsana pafupi kwambiri moti anamva fungo la sopo amene anagula yekha. Amuna ake sanacheuke n'komwe. Awiriwo anadula msewu waukulu pakati pa magalimoto, mpaka pageti la kuntchito kwa bambowo.

Anabwerera pakhoma n'kuyang'ana chithunzicho. Chinatuluka bwino zedi. Mzere wa simbi pa malaya amene anasita dzulo unkaoneka. Zala za mkaziyo zinkaoneka chimodzichimodzi, zitamira m'nsalu. Chaka chonse anali asanajambulepo chithunzi chakuthwa chotere. Anakhala pansi pasitepe ya sitoloyo.

"Amayi a kamera!"

Anali mkazi uja, atabwerako, akupuma mwawefuwefu. Pafupi ankaoneka wamkulu ndithu, zala zakuda ndi inki.

"Musaganize kuti sindinakuoneni. Zithunzi zanu ndimagulitsa ndine, ndimakudziwani. Inu ndi aja ojambulira pamchombo." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Koma chimenecho chokha fufutani, chonde. Jambulani ine ndekha ngati mukufuna, ndiime bwinobwino."

Mayi wojambula anadzutsa mutu n'kumufunsa.

"Mukuopa akazi awo?"

"Eya, omwewo." Mkaziyo anayang'ana kugeti kuja, n'kutsitsa mawu. "Bambo aja maso akuwathera, mwezi wachitatu uno. Galimoto amaidziwira m'makutu basi, n'chifukwa chake ndimawawolotsa. Kunyumba sananene, akuti akusowa poyambira. Ndiye mufuna mayiwo akazionere m'nyuzipepala?"