Nsapato Zoyera ndi Mawaya Awiri

Panali munthu wina amene anzake ankamutcha Mwachangu, chifukwa chilichonse ankachifuna dzulo. Nkhaniyi si yopeka ayi, wandiuza ndi munthu amene anaona ndi maso.

Mwachangu anasiya ntchito yabwinobwino n'kupanga pulogalamu yakeyake ya pa kompyuta. Labu yoyeza magazi inkaikamo zotsatira, madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono n'kumaziona pa foni nthawi yomweyo. Kasitomala wake anali mmodzi yekha, mayi mwini labuyo. Mayiwo anamupatsa miyezi itatu yoyeserera ndipo sanapsatire mawu.

"Ikadzangozima tsiku limodzi la ntchito, tisiyana. Magazi a anthu si zoseweretsa."

Seva yake, chikompyuta chosunga zonsezo, anakaisungitsa ku nyumba yosungira maseva, kumene munthu umachita lendi shelefu m'chipinda chozizira ndipo magetsi sathima. Chinatsala n'kusankha kampani yolumikiza sevayo ku intaneti. Makampani awiri odziwika anati adikire masabata atatu. Masabata atatu kwa Mwachangu? Kunali kumulaula.

Ndiye kunatulukira mkulu wina wa tayi yofiira, wa kampani imene palibe anali ataimvapo, pakamwa pake ngati pothira shuga.

"Bwana, ife ndi mawa lomweli. Ndipo timakupatsani mawaya awiri. Wina akaduka, winayo amasenza katundu, inu osadziwa n'komwe."

Mkazi wa Mwachangu atamva, anati, "Tengani achimwene akaone." Achimwene akewo anakalambira pa ntchito yokoka mawaya m'ngalande. Mwachangu ankawaderera alamu akewa poti sukulu sanapite nayo patali, koma anawatenga kuti pakhomo pakhale mtendere.

M'chipinda cha maseva, wa tayi uja analoza monyadira. Waya wachikasu ankalowera khoma lakumanja, wabuluu khoma lakumanzere.

"Mwaona? Uyu kwake, uyu kwake."

"Muno taona," anatero alamu. "Nanga kunjaku akudzera kuti?"

"Njira zosiyana, madala."

"Tioneko mapu."

"Mapu ali ku ofesi."

"Ofesi yanu ili pati?"

"Tikusamuka kumene."

"Chabwino. Tipatseniko nambala ya kasitomala wanu mmodzi, timufunse mmene mumachitira zinthu zikavuta."

"Aaa, zimenezo n'zachinsinsi, madala," anaseka wa tayi, maso ali pa wotchi.

Kunena zoona, naye Mwachangu mtima wake unayamba kukayika. Anaona kuti pa pepala la mgwirizano panalibe adiresi, panali nambala ya foni basi. Koma anaupondereza mtimawo.

Alamu anamukokera pambali. "Alamu, mayankho a munthu uyu akuterera ngati sopo. Tiyeni tizungulire kuseri kwa nyumbayi, tikatsegule chivundikiro cha ngalande tione tokha. Mphindi zisanu zokha."

Kunali kutagwa mvula, ndipo kuseriko kunali matope okhaokha. Mwachangu anayang'ana nsapato zake zoyera, zogula dzana.

"Inu alamu, mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe. Mawaya tawaona, ndi awiri. Mukufuna alankhule?"

Anasaina pomwepo. Alamu anangovala chipewa chawo n'kunena kuti, "Zanu izo."

Masabata asanu zinthu zinayenda myaa. Mwachangu akakumana ndi alamu ankawaseka. "Mthunzi uja ukukutsatanibe?" Iwo ankangomwetulira.

Lolemba la sabata yachisanu ndi chimodzi, cha m'ma 9 koloko m'mawa, foni inayamba kulira. Chipatala ichi, chipatala icho, onse mawu amodzi: pulogalamu sikutseguka. Mwachangu anathamangira ku nyumba ya maseva. Seva inali yoyaka bwinobwino, koma mawaya onse awiri anali zii. Mlonda anamuuza kuti kuseri kuli anthu okonza mapaipi a madzi, abwera ndi chimakina chokumba.

Mwachangu anaimbira wa tayi uja. Koyamba mkuluyo anati, "Tikuzikonza, bwana." Kachiwiri foni inangoitana. Kachitatu inali yozima.

Tsiku limenelo odwala anakhala pa mabenchi mpaka madzulo kudikira zotsatira. Mayi wa labu anachita kulemba ganyu njinga zamoto kuti zizungulire ndi mapepala. Dzuwa litapendeka anaimba.

"Tinagwirizana chiyani?"

"Mayi, ndi ngozi chabe, mawa..."

"Pali mwana wadikira maola asanu ndi awiri kuti amuike magazi. Mwayi wake wapulumuka. Mawa musavutike n'kubwera."

Mwachangu anakhala pansi, foni ili m'manja. Ntchito anasiya, kasitomala anali yemweyo, ndipo kunyumba kunali mkazi woti akamufotokozere. Manyazi ali tho, anaimbira alamu.

Alamu anabwera osanyinyirika. Anamutsogolera kuseri kuja, Mwachangu akutitimira m'matope mpaka mu akakolo. M'dzenje munali paipi imodzi yakuda, yothyoka pakati. Alamu anaitukula. M'kati mwake munali waya wachikasu ndi wabuluu, omangidwa pamodzi ndi tepi, oduka malo amodzi. Ankangosiyana pofika pakhoma, kuti alowe m'chipinda ngati alendo osadziwana.

"Mnzanu uja sananame, mawaya ndi awiridi," anatero alamu. "Anangoiwala kukuuzani kuti amafunda bulangeti limodzi."

Alamu anayang'ana nsapato zija, zitasanduka zofiirira, n'kupukusa mutu.

"Matope ake ndi omwe aja, alamu. Mwangowaponda mochedwa."

Phunziro: Safunsa anadya phula. Musanapereke seva yanu kwa wogulitsa intaneti, musakhutire ndi zimene akukuonetsani m'chipinda chozizira. Funsani kumene mawaya akudzera, kaoneni nokha, ndipo lankhulani ndi makasitomala ake. Wokana kukuonetsani kuseri ali ndi chimene wabisako. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa anzanu onse a bizinesi, makamaka aja othamangira kusaina.