Dzina la Chipwete

Ndinkasita mayunifomu a ana, foni ili pambali pa nsimbi. Anzanga a Telala ndi a Dalaivala ankakangana pafonipo za gemu yatsopano ya pa intaneti, yolowa m'malo mwa ija tinkasewera tisanabereke.

"Akuiyesa kumene, ikungozimazima," anatero a Telala. "Ngakhale mlatho tinkadikiranapo uja auchotsa."

"Akuchitirani chifundo, munkagwa pomwepo," anayankha a Dalaivala. "Nanga adokotala athu mukuti bwanji?"

M'gemu yakaleyo wochiritsa gulu ndinali ine.

"Ana ondilirira ndili nawo kale. Sindikufunanso awiri andevu," ndinatero.

Anaseka. Kenako a Dalaivala anatsitsa mawu. "Akuti ukalowa panopa, dzina lomwe wasankha ndi lako mpaka kalekale. Ndimangoganiza za Chipwete."

Chipwete linali dzina la mchimwene wanga m'gemu yakale ija. Tinamuika m'manda chaka chatha.

Ndinaimika nsimbi, n'kutsegula kompyuta ya ana yomata shuga. Gemu itatseguka ndinalemba dzinalo. Inandiyankha kuti lili ndi mwini wake.

Ndinawafunsa awiriwo, onse anakana. Ndiye kuti latengedwa ndi mlendo. Ndinabwerera ku kolala ya malaya.

Foni inanjenjemera. Unali uthenga wa mlamu wanga, mkazi wa malemu, yemwe kale ankabisa mawaya a kompyuta kuti mwamuna wake adye chakudya chikadali chotentha.

"Mlamu, a Telala akuti mukufuna dzina lija. Ndinalitenga ndine. Koma bwerani mudzandiphunzitse, munthu wa m'gemuyu akungogunda khoma."